Chitsulo chagalasi ndi felemu ya njinga: mmene ndinasokonezera kulimba ndi kuuma

Chinandikola ndi kanema wamfupi wa pa intaneti. Aimika machubu atatu agalasi, pansi pa chubu chilichonse aikapo kachitsulo kafulati, ndiye wina akugwetsera timipira tachitsulo m'machubumo nthawi imodzi. Pa zitsulo ziwiri zozolowereka timipirato tikunjanja kangapo, kenako zii. Pachachitatu kampira kakungonjanjabe, kukwera kutsika, mpaka ukuyamba kuganiza kuti kanemayo amuchita kubwereza. Kachitsulo kachitatuko ndi kamene amati amorphous metal, ena amati metallic glass. Ine ndizingoti chitsulo chagalasi.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu a phunziro la kasankhidwe ka zipangizo anatipatsa ntchito: aliyense asankhe chipangizo chimodzi ndi chinthu chimodzi chodziwika, afotokoze ngati ziwirizo zingagwirizane. Ine sindinachedwe. Ndimakwera njinga tsiku ndi tsiku, ndipo m'mutu mwanga felemu yonyezimira ngati kalilole, yosachita dzimbiri, yolimba kuposa titaniyamu inali itapangika kale. Ndikulemba pano zimene ndinaphunzira, makamaka pamene ndinagwa chagada.

Chitsulo chilichonse chimene timachidziwa, kaya cha khasu, kaya cha felemu, mkati mwake maatomu amasanjana m'mizere yobwerezabwereza ngati njerwa pa uvuni. Chikamazizira kuchokera kosungunuka, maatomu amakhala ndi nthawi yopeza malo awo. Koma ukachiziziritsa mwachangu kwambiri, amauma asanafole pamzere, aliyense pomwe anali. Zimafanana ndi shuga: wam'paketi ndi timiyala tosanjika bwino, koma ukamusungunula pamoto n'kumuthira pa mbale yozizira amauma ngati galasi, n'kukhala switi. Galasi la pawindo ndi choncho. Vuto ndi loti zitsulo zimafulumira kwambiri kusanjana, moti kwa nthawi yaitali anthu ankaona ngati sizingatheke.

Zinatheka mu 1960 ku yunivesite ya Caltech, ku California. Pol Duwez ndi ophunzira ake awiri, Klement ndi Willens, anasakaniza golide ndi silikoni, n'kuwombetsa kadontho kosungunuka pa mkuwa wozizira. Kanazizira pa liwiro la madigiri pafupifupi 1,000,000 pa sekondi imodzi, ndipo chimene anapeza ndi kachipepala kopyapyala kuposa tsitsi. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Allied Chemical inayamba kupanga maliboni aatali otchedwa Metglas pothira chitsulo chosungunuka pa gudumu lozungulira mwaliwiro. Malibonowa ndi opyapyala pafupifupi mamaikulomita 25 (maikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo mpaka lero amawakulunga mkati mwa mathiransifoma amagetsi chifukwa sataya mphamvu yambiri. Zonsezi n'zopyapyala. Chinthu chikakhala chochindikala, pakati pake pamachedwa kuzizira, ndipo pamasanjana.

Akihisa Inoue wa ku yunivesite ya Tohoku, mumzinda wa Sendai ku Japan, ndi gulu lake anasonyeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti pali njira yozengereza maatomu. Usakanize mitundu itatu kapena kuposerapo, ya maatomu osiyana kukula ndi maperesenti opitirira 12, komanso okondana pakusakanikirana. Ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za dengu lothiramo maungu, mbatata, mtedza ndi mapira pamodzi: uligwedeze bwanji, sizingafole pamzere. Kenako kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, Atakan Peker ndi William Johnson, ku Caltech komweko, anapanga chosakaniza chotchedwa Vitreloy 1, cha zirconium, titaniyamu, mkuwa, nikelo ndi beryllium. Ichi chimakhalabe chagalasi ngakhale chizizire pa digiri imodzi yokha pa sekondi, moti ungachithire m'chikombole n'kutulutsa ndodo yochindikala masentimita angapo. Kampani ya Liquidmetal Technologies ndiyo inachitenga n'kuyamba kuchitira malonda.

Manambala ake ndi amene anandizunguza mutu. Vitreloy 1 imapirira mphamvu yokoka ya pafupifupi 1,900 MPa (MPa ndi muyeso wa mphamvu imene ikukoka kapena kupanikiza chinthu poyerekeza ndi kuchindikala kwake). Kuti ndimvetse, ndinawerengera sipoko ya njinga yochindikala mamilimita 2: itapangidwa ndi chimenechi ikhoza kulenjeka makilogalamu pafupifupi 600, matumba 12 a chimanga. Aluminiyamu wa 6061 amene amapangira mafelemu ambiri amayamba kugonja pa 275 MPa. Chinanso, ndodo ya mita imodzi ya chitsulo chagalasi ukhoza kuitamula masentimita 2, ukaisiya ibwerera mwakale ndendende. Chitsulo cha chromoly cha felemu chikadutsa mamilimita ochepa chabe sichibwereranso. N'chifukwa chake kampira kaja sikankatopa: kachitsuloko sikanyopoka, ndiye mphamvu yonse kamaibweza.

Ndinagawa kulimbako ndi kulemera, chitsulo chagalasi chinapambana aluminiyamu katatu. Ndinalemba masamba anayi mosangalala, ndi kachithunzi ka mizere, ndikuti tsogolo la njinga ndi limeneli. Pepala litabwerera, aphunzitsi sanakhwatche chilichonse. Analemba funso limodzi m'mphepete ndi cholembera chofiira: “Mukaimirira pa mapedulo pokwera chitunda, felemu yanuyi itepa bwanji?”

Ndinakhala nalo funsoli usiku wonse, chifukwa ndinazindikira kuti mawu amodzi akuti “kulimba” ndinkawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana. Pali kukana kuthyoka kapena kupindikiratu; kumeneko tizikuti kulimba. Ndiye pali kukana kutepa, kumene ndizikuti kuuma. Nsungwi yaiwisi ndi yolimba, suithyola wamba, koma imatepa. Choko cholembera pabolodi n'chouma gwa, sichitepa, koma mwana wa sitandade 1 amachithyola ndi zala. Nambala yoyezera kuuma ndi imene amati Young's modulus, ndipo ine m'masamba anayi aja sindinaitchule ngakhale kamodzi.

Nditaiyang'ana, zinthu zinatembenuka. Chitsulo wamba chili pa 205 GPa (GPa imodzi ndi 1,000 MPa), ndipo sentimita imodzi mbali zonse imalemera magalamu 7.85. Aluminiyamu ali pa 69, kulemera 2.7. Titaniyamu wa mafelemu ali cha m'ma 100, kulemera 4.5. Ukagawa nambala yoyamba ndi yachiwiri, chitsulo chikupereka 26, aluminiyamu pafupifupi 26, titaniyamu 22. Zodabwitsa kuti zitatuzi zili pafupi chonchi. Nanga Vitreloy 1? Kuuma 96, kulemera 6.1. Yankho ndi 16. Ndiye kuti imatepa ngati titaniyamu koma imalemera kuyandikira chitsulo. Yatenga zoipa za mbali zonse.

Ndinayesa ndi paipi yeniyeni. Tengani paipi yachitsulo ya mamilimita 28.6 m'mimba mwake, khoma lake 0.8, yofanana ndi za njinga zakale zothamangira. Kuti ya chitsulo chagalasi ya kukula komweko isatepe kuposa iyi, khoma lake liyenera kufika cha m'ma 1.9, ndipo ilemera kuposa yachitsulo ija ndi maperesenti pafupifupi 80. Ndinakumbuka kuti opanga njinga za aluminiyamu, monga Gary Klein ndi kampani ya Cannondale imene inatulutsa yake yoyamba mu 1983, anathana ndi vuto lomweli pokulitsa mapaipi, chifukwa kuuma kwa paipi kumakwera msanga kwambiri ukaikulitsa m'mimba. Ndinatero nanenso: khoma likhale 0.8, paipi ikule kufika pa mamilimita 37. Kuuma kwafanana, kulemera kwafanananso ndi kwa chitsulo wamba. Ndalama zonsezo, kuti ndingofika pomwe felemu ya agogo inali kale! Aluminiyamu amapambana pa masewera amenewa chifukwa ndi wopepuka kwambiri, moti ukhoza kukulitsa paipi khoma n'kukhalabe lochindikala, losanyopoka likagundidwa. Chitsulo chagalasi cha zirconium chilibe mwayi umenewo.

Ndiye kulimba konse kuja kwa 1,900 kumangokhala, ngati ng'ombe zisanu ndi imodzi pa ngolo ya matumba awiri. Felemu ikakwanira kuuma kwake, kawirikawiri kulimba imakhala itakwanira kale. Ndipo amene akufunadi nambala yaikuluyo pa felemu anaipeza kale kwina: mapaipi a Reynolds 953, a chitsulo chosachita dzimbiri, amafika cha pomwepo, ndipo amawotchereka.

Apa ndi pamene ndinayamba kufunsa funso limene ndimayenera kuyambira: nanga ikagonja, imagonja bwanji?

Chaka chatha ndinagwera m'dzenje ndi njinga yanga, ndili ndi thumba pa kaliyala. Foloko inapindikira m'mbuyo mpaka tayala likukhudza felemu ndikakhota. Ndinaikankha mpaka kwa bambo wina amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Anaivula foloko ija, anaipanikiza pakati pa mizu iwiri, analowetsa mwendo umodzi m'paipi yaitali ya madzi, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono, akutsinzina diso limodzi. Kukoka, kuyang'ana, kukokanso. “Achimwene, iyi ikufikitsani kunyumba, koma mukapeza ndalama mugule ina, yamva kale kuwawa iyi,” anatero akuibwezera. Nthawi imeneyo ndinangothokoza. Lero ndikudziwa chimene chinachitika m'chitsulomo.

M'chitsulo chosanjika bwino mumakhala tizolakwika m'mizere ya maatomu, totchedwa dislocation. Ukachipanikiza, tizolakwikato timayenda, monga mmene umasunthira mkeka waukulu poukwinya kumapeto n'kukankha khwinyalo mpaka mbali inayo, osachita kuukoka wonse. N'chifukwa chake chitsulo chimapindika. Ndipo pamene tikuyenda timakolana, timatsekerezana njira, moti malo amene apindikawo amalimbirako, kupindika kumasamukira pena. Foloko yanga inameza mphamvu ya dzenje lija popindika, ine n'kutsala ndi mano onse.

M'chitsulo chagalasi mulibe mizere, ndiye mulibenso makwinya oyenda. Kulimba kwake kumachokera pomwepo, ndipo tsoka lake limachokeranso pomwepo. Chikafika pamalire, kugonja konse kumasonkhana pa kamzere kamodzi kopyapyala zedi, mananomita 10 mpaka 20 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita), kotchedwa shear band. Kamzereko kakayamba kutsetsereka kamafewa m'malo molimba, ndiye kamapitirira mpaka kudutsa mbali inayo. Ndodo yoikoka imaduka phwa, isanasonyeze chizindikiro. Si kuti n'chosachedwa kusweka ngati botolo ayi. Mitundu ina ya zirconium imakana mng'alu bwino ndithu, ndipo kachidutswa kopyapyala kosafika milimita imodzi kamapindika osathyoka, chifukwa timizere tija timatuluka tambirimbiri, tating'onoting'ono, tosafika patali. Koma foloko kapena handulo imene imasankha pakati pa “ndili bwinobwino” ndi “ndaduka”, popanda chapakati, ine sindingaikwere potsetsereka.

Pali kutopa kwa chitsulonso. Ukamapalasa maulendo 80 pa mphindi, pa ola limodzi felemu yapindidwa uku ndi uku ka 4,800. Ola limodzi tsiku lililonse, pachaka zadutsa 1,700,000. Mayeso oyambirira a Vitreloy 1, amene gulu la Robert Ritchie linachita ku yunivesite ya Berkeley chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti pa katundu wobwerezabwereza chotere imang'aluka pa mphamvu yosafika gawo limodzi mwa magawo 10 a kulimba kwake kuja. Mayeso apambuyo, pa zitsanzo zoyera bwino zopanda timabowo ta mpweya, anapereka manambala okwererapo kwambiri. Kusiyana kumeneku kunandiphunzitsa kanthu: chipangizochi chimadalira kwambiri mmene chathiridwira. Kathovu kamodzi kobisika mkati, kapena okosijeni wochepa wolowa pa nthawi yosungunula, zimasintha nkhani yonse. Pa ntchito ya mafelemu masauzande pamwezi, zimenezo ndi mutu waching'alang'ala.

Kapangidwe kake nakonso ndi phiri. Mapaipi a njinga amawapanga powakoka m'zibowo ali ozizira, n'kuwapyapyalitsa pakati, kumapeto kowotcherera kukhale kochindikala. Zimatheka chifukwa cha kupindika kolimbirako kuja, kumene chitsulo chagalasi chilibe. Chimenechi umachita kuthira m'chikombole, mopanda mpweya, ndipo chosungunukacho ndi chonanda. Tayerekezani kuchithira m'kampata kosafika milimita imodzi, kotalika masentimita 60, chikombolecho chili chozizira mwadala: chiuma chisanafike pakati. Pali njira ina yosangalatsa. Ukachitenthetsa kupitirira madigiri pafupifupi 350, Vitreloy 1 imafewa ngati phula isanasungunuke, ndipo Jan Schroers wa ku yunivesite ya Yale anasonyeza kuti zitsulo zoterezi ukhoza kuzifufumitsa ndi mpweya monga amapangira mabotolo apulasitiki. Koma nthawi yake ndi ya mphindi zowerengeka. Ukachedwa maatomu asanjana, ndipo chimene watsala nacho n'chinthu chophwanyika ngati mbale yadothi.

Kuwotcherera kumagwera m'mbuna yomweyo. Pamene pasungunuka pakhoza kuzizira msanga n'kubwerera ugalasi, koma m'mbali mwake, pamene pangotentha osasungunuka, pamapeza nthawi yosanjana. Mzere wophwanyikawo ukhala ndendende pa mfundo za felemu, pomwe katundu amachuluka. M'mafakitale amayesa ndi laser kapena electron beam kuti kutentha kudutse mwachangu, ndipo munthu akhozanso kumata mapaipi ndi guluu m'timfundo, monga ankachitira a kampani ya Vitus ku France ndi aluminiyamu pa njinga yawo ya 979. Zonsezo ndi zakutali ndi makina owotcherera a pamsika. Onjezanipo beryllium, amene fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osachiritsika. Wina atatenga galainda n'kuyamba kupala felemu yotere, wadzipweteka. Mitundu yatsopano yambiri yachotsamo beryllium, koma ikatero siithirika yochindikala ngati kale.

Ndinafufuzanso ngati pali mitundu yopepuka. Ilipo ya magnesium, koma yambiri ndi yophwanyika. Ya aluminiyamu imafuna kuzizira kwachangu kwambiri moti imathera pa maliboni ndi tizidutswa topyapyala. Imene imathirika yochindikala koposa, masentimita 7 kapena 8, ndi ya palladium, chitsulo cha m'gulu la pulatinamu, ndiye za mtengo wake tisayambe n'komwe. Chimene chinandipatsa chidwi ndi ntchito ya Douglas Hofmann ndi anzake mu 2008: analola dala kuti timitengo ta chitsulo chosanjika, tofewa, timere mkati mwa chagalasicho, kuti kamzere kotsetsereka kaja kakangoyamba kazigunda mtengo n'kuima. Zosakaniza zoterezi zimatamuka maperesenti opitirira 10 zisanaduke. Vuto la kuduka mwadzidzidzi lachepa, koma la kuuma pogawa ndi kulemera lili pomwepo, ndipo paipi yaitali yopyapyala sinapezekebe njira yophweka.

Nditayang'ana kumene chitsulochi chagwiradi ntchito, ndinaona chimene ndikanaona tsiku loyamba ndikanakhala wodekha. Mitu ya zibonga za gofu. Maraketi a tenesi a Head, mmene anangoikamo tizidutswa m'malo ochepa. Manambala a pamphepete pa wotchi ya Omega Seamaster ya 2009. Zikuto za mafulashi a SanDisk. Kapini kotulutsira simukhadi kamene Apple inaika m'mabokosi ena a iPhone. Magiya aang'ono amene NASA, bungwe la ku America la zamumlengalenga, yakhala ikuyesa kuti azizungulira kozizira kwambiri popanda girizi. Zonse n'zazing'ono, zokwana m'dzanja, zofuna kusakandika, kusachita dzimbiri, kubwerera ngati sipuling'i, kapena kutuluka m'chikombole zili zosalala kale mosafuna kupala. Palibe chachitali chopyapyala chimene moyo wa munthu walenjekekapo.

Choncho lipoti langa lachiwiri linasiya felemu, foloko, handulo ndi mikono ya mapedulo. Linapita ku tizinthu timene timabisika: timano ta m'filiwilo timene timalira tiki-tiki ukasiya kupalasa, ndi kasipuling'i kotikankha, tizitsulo ta m'chosinthira magiya, tokolera nsapato pa mapedulo a othamanga mpikisano. Ngakhale pamenepo ndinalemba mosamala, chifukwa dzino la m'filiwilo limamenyedwa mwadzidzidzi munthu akaponda mwamphamvu, ndipo chitsulo wamba chowotcha bwino chimagwira ntchitoyo pa mtengo wa mandasi. Kumene ndinaona kuti mfundo ndi yolimba ndi pa zokutira. Nikelo wosakaniza ndi fosiforasi wochuluka, amene amamatira pa zitsulo popanda magetsi, amakhala wagalasi mwachibadwa, ndipo mafakitale akhala akumugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri poteteza ku dzimbiri ndi kuperepeseka. Mkati chitsulo chopindika, kunja khungu lagalasi.

Ndinaikamonso ndime imodzi ya njinga za kwathu, chifukwa funso loti “n'choyenera kodi” limadalira wokwera. Othamanga mipikisano ya UCI, bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse, ali ndi lamulo loti njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8, ndipo njinga za mafelemu a kaboni zinafika kale pamenepo. Wakabaza ndi wonyamula makala akufuna zina. Njinga ya Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene imapezeka kuno ndi ku Zambia, ndi yachitsulo, imalemera makilogalamu opitirira 20, ndipo kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100. Anaipanga yolemera mwadala, kuti ikavulala ikonzeke ndi zida za pansi pa mtengo. Kumbali zonse ziwiri chitsulo chagalasi sichikupeza khomo.

Lipoti nditapereka, mnzanga wa m'kalasi anandibweretsera kanthu. Ndi kaja koyera, kapulasitiki, kotalika ngati chala, kamene masitolo akuluakulu amamata pa katundu kuti kalize belu pakhomo wina akatuluka osalipira. Kanali pa bokosi la mafuta odzola amene achemwali ake anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Tinakang'amba ndi lezala. Mkati munali timaliboni tonyezimira, topyapyala kuposa pepala, ndipo timeneti ndi chitsulo chagalasi chenicheni, choyamba kuchigwira ndi manja anga. Ndinakapinda kamodzi pa chala mpaka nsonga zinakumana, nditasiya kanawongoka thwi, kopanda khwinya. Kachiwiri tinakagwira ndi pulayala, tinakaika pa lawi la kandulo mpaka kanasintha mtundu, tinadikira kazizire. Mnzangayo anangokakhudza ndi chikhadabo kuti akapinde. Kanathetheka, tizidutswa tina n'kugwera mu kapu yake ya tiyi.